Mitu ya Matchaja

A Mawaya sanabadwe ndi matako okhalira pansi. Ali mwana ankamasula matochi a eni ake, ndipo atakula anatsegula kashopu kokonza mawailesi ndi mafoni. Ngakhale tiyi ankamwa chiimire, diso lili pa ntchito ina.

Chimene chinkawadya mutu ndi matchaja. Iyi ya mutu wonenepa, iyi yoonda ngati singano, iyi yophwatalala. Dengu lodzaza, koma yolowa m'wailesi ya kasitomala osaipeza. "Kodi opanga zinthuwa anayambana chiyani?" Ankadandaula choncho mpaka akazi awo analoweza mawuwo.

Kunyumba ankasunga bambo awo, telala wakale amene matenda a shuga anawalanda maso. Mdalayo ankadana ndi kuitana munthu. Zonse anali atasiyira ena, kupatula chimodzi: m'mawa ankapapasa pa shelefu, kupeza tchaja ya wailesi yawo pakati pa zinzake, n'kulumikiza okha. Ankaizindikira ndi zala, chifukwa mutu wake unali woonda, wokhala ndi kamzere.

Loweruka lina a Mawaya zinawakwana. Anasonkhanitsa matchaja onse a m'nyumba, ya wailesi, ya nyale, ya laputopu, n'kudula mitu yonse ndi pulayala. Anaika mitu yofanana, n'kusinthanso mabowo a zipangizozo kuti zonse zizilowana. Sikuti anali mbuli ayi, ankadziwa kuti ya laputopu imatulutsa moto wambiri. Ndiye anaipaka penti yofiira, zofookazo yobiriwira. Anadzitama tsiku lonse, mpaka nkhuku zomwe zinamva.

Penti, anthuni, m'nyumba ya munthu wosaona!

M'mawa mwake kunamveka kuti phu, kenako fungo la pulasitiki wopsa. A Mawaya anathamanga n'kupeza bambo awo atagwira wailesi yofuka utsi, chala chikusisitabe mutu wa tchaja yofiira.

"Ya kamzere ija ili kuti, mwanawe?"

"Ndinasintha, bambo. Kuti zisamavute."

"Zinkavuta ndani?"

Wailesi anaikonza tsiku lomwelo, imeneyo sinali nkhani. Koma kutacha anamva mawu amene anali asanamvepo m'nyumbamo: "Apongozi, tandilumikizireni wailesi." Anali mdalayo akuitana. A Mawaya manyazi anawagwira, mtima unawawa.

Mitu anadula ija inali itapita ndi zinyalala. Anakhuthula dengu la kushopu, kufunsa anzawo okonza mafoni, kuzungulira msika wonse thukuta lili kamukamu. Anayesa kumanga kansalu pa tchaja yoyenera, koma mdalayo sanaikhudze n'komwe. Mutu uliwonse woonda umene ankapeza ankauika m'manja mwa bambo awo, iwo n'kuupapasa, n'kupukusa mutu.

Tsiku lina mdalayo anabweza dzanja asanaulandire.

"Usavutike, mwanawe. Zalazi sindikuzikhulupiriranso. Ndizingoitana."

A Mawaya anayang'ana kamutu kamene kanali m'manja mwawo, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi.