Chitsulo Chimene Chidapuma

Inu anzanga amene tidakulira limodzi m'midzi ya pakati pa Nsaru ndi Namitete, ndi inunso ana athu amene mwayamba kukhala ndi makomo anuanu, ndiloleni ndikambe nkhani imene ndakhala nayo mumtima kwa zaka zambiri. Amene adaiona ndi maso adali bambo anga, mayi anga ndi malume anga a Yonasi, ndipo onsewo tidawaperekeza kale. Ndatsala ndekha. Ndikapitanso ine osainena, mudzangomva kuti kwa a Phiri kudamwalira mwana nthawi ya dzinja, koma chimene chidachitika chidzakwiriridwa pamodzi ndi ine.

Ndikukumbukira galimoto ya bambo anga. Iwo adayendetsa galimoto za boma kwa zaka zambiri, ndipo atapuma pa ntchito adabwera kumudzi ndi galimoto yakale imene adaigula pa malonda a katundu wotha ntchito. Idali yaitali miyendo, yobiriwira mozilala, ndipo m'kati mwake munkanunkha dizilo ndi fodya wouma. Chimene bambo ankanyadira kwambiri n'chakuti inkakoka ndi mawilo onse anayi nthawi zonse. M'dera lathu lonse mudalibe ina. Inkanyamula mabelo a fodya, odwala, akwati, ngakhale maliro amene. Anthu adaitcha Ng'ombe ya a Phiri, chifukwa pamene ngolo yalephera, iyo inkadutsa ikufwenthera.

Amene ankaikonda kuposa tonse adali mlongo wanga Eliya, wa zaka zisanu. Ikangoima pabwalo, iye ankakwera pampando wa bambo, miyendo ili lendelende, n'kumaliza injini ndi milomo mpaka malovu kudontha pachiwongolero. Ine ndidali ndi zaka khumi ndi zitatu, mwana wachisamba, ndipo nthenda yanga idali imodzi: ndinkakonda kutamandidwa ndi aphunzitsi kuposa chakudya.

M'chilimwe cha chaka chimene dziko lidalowa m'ulamuliro wa zipani zambiri, pansi pa galimotoyo padayamba kumveka kugogoda. Tsiku lina m'mawa bambo adayala thumba pansi nalowa chagada. Ndifotokoze pang'ono, monga iwo adandifotokozera patapita nthawi. Pakati pa galimoto yotere pali bokosi logawa mphamvu ya injini, ndipo m'bokosimo mumatuluka zitsulo ziwiri zazitali zozungulira, china kupita ku mawilo akumbuyo, china ku mawilo akutsogolo. Amakaniko amazitcha mashafuti. Mfundo ya shafuti yakutsogolo idali itadyeka, ndipo yatsopano kudalibe pafupi. Bambo adamasula mabawuti asanu ndi atatu, nawaponya m'chitini, natulutsa chitsulocho chili noninoni ndi girizi. Kenaka adakankha kandodo kakang'ono kapafupi ndi giya, kamene kamamanga bokosi lija, kuti mphamvu yonse izipita kumbuyo. Popanda kutero galimotoyo sikadasuntha n'komwe. Atailiza, kugogoda kuja kudali kutatha.

Malume a Yonasi, amene adali atakhala pachitsa kuonerera, adaseka mpaka kutsokomola.

“Alamu, mwaifulatu ng'ombe yanu!”

“Kodi imene imakoka ngolo yanu ija ndi nkhunzi?” adayankha motero bambo, akupukuta manja. “Yofula ndiye imagwira ntchito. Msewu wauma gwa, mawilo awiri akwanira.”

Ine ndidafunsa kuti, “Nanga chitsulochi, bambo?”

Bambo ankanditcha amayi, chifukwa ndidapatsidwa dzina la mayi awo, Esinati. Adachikulunga m'thumba, nachilowetsa pansi pa nkhokwe, nati, “Chapuma, amayi.”

Mawu amodzi okhawo. Iwo ankatanthauza kupuma kwa munthu amene watula mtolo pamthunzi ndipo adzausenzanso. M'mutu mwawo mudali kale pulani yonse: kugula mfundo yatsopano, n'kubwezeretsa chitsulocho mvula isadayambe. Koma ine kupuma kumene ndinkakudziwa kudali kwa iwo eni. Bambo adapuma pa ntchito, ndipo sadabwerereko. Abusa athu akale adapuma, ndipo m'nyumba mwawo mudalowa ena. Choncho ndidamva kuti chitsulocho chatha ntchito, basi.

Chaka chomwecho sukulu za pulayimale zidayamba kukhala zaulere. Ana adasefukira ngati ngumbi. Makalasi ena adali pansi pa mitengo, kutali ndi ofesi, ndipo kabelu kam'manja kamene tinkagwiritsa ntchito kale sikankamvekanso m'phokoso limenelo. Tsiku lina pa asembule aphunzitsi aakulu adapempha kuti aliyense amene kwawo kuli chitsulo chotha ntchito abwere nacho chikhale belu. Dzanja langa lidakwera mawu awo asadathe.

Bambo adali atapita kukanyamula mitengo yomangira zigafa za fodya, mayi adali kudimba. Ndidapinda nkhata, ndidasenza chitsulocho ngati nkhuni, Eliya akunditsata m'mbuyo akuimba. Atachipachika pamtengo wa mango, sichidalire bwino, chifukwa mfundo zakumapeto zinkangochita gwedegwede n'kumameza mawu. Aphunzitsi adachitumiza kwa mmisiri wosula makasu, ndipo iye adadula mapeto onse awiri ndi sowo. Chitabwerako chidalira mokoma kotero kuti amayi a kuchitsime adatula ndowa kumvetsera. Aphunzitsi aakulu adandiimika patsogolo pa sukulu yonse, ana adaomba m'manja, ndipo ndidakhala mtsikana woyamba kupatsidwa udindo woimba belu. Kunyumba sindidanene kanthu. Sindinkabisa ayi, ndinkangoona kuti si nkhani yovutitsa nayo akuluakulu. Akale adati safunsa adadya phula, koma ine phulalo ndinkalimva kutsekemera.

Mitambo itayamba kusonkhana m'mwezi wa Novembala, bambo adabwera kuchokera ku Lilongwe ndi mfundo yatsopano yokulungidwa m'pepala lamafuta. Adagwada pankhokwe, natulutsa thumba lopanda kanthu. Ndidawafotokozera zonse. Adavala chipewa, nauyamba wa kusukulu, ine ndikuwatsata patali. Adaima pansi pa mango paja, nasisita ndi chala chachikulu pamene padadutsa sowo. Mapeto aja mmisiri adali atawasula kale. Aphunzitsi aakulu adatuluka akupepesa, nati achimasula pompo, koma bambo adati, “Lisiyeni, likuitana ana. Kwa ine lilibenso ntchito.”

Sadandimenye. Nthawi zambiri ndaganiza kuti akadandimenya mwina zikadandipepukira. Adapita kawiri kwa ogulitsa zitsulo zakale mumzinda, koma zimene adapeza zidali zazifupi kapena zazitali. Wina adawalonjeza kuti awapezera chaka chikatembenuka. Mvula siidikira malonjezo a munthu.

Mu Febuluwale mvula idagwa masiku atatu osakata. Eliya adayamba kutentha thupi tsiku lachiwiri, ndipo mayi adampatsa mankhwala amene adali m'nyumba. M'mawa wa tsiku lachinayi, mvula itasanduka yowaza, adayamba kunjenjemera thupi lonse, nsagwada zitamangana, maso atatembenuzika. Mayi adakuwa, “Bambo a Esinati, lizani galimoto!” Tidakwera: bambo kutsogolo ndi malume, mayi kumbuyo atamfukata Eliya, ine nditagwira botolo la madzi ndi kansalu komupukutira pamphumi. Tinkapita kuchipatala cha mishoni ku Namitete.

Pakati pa mudzi wathu ndi msewu waukulu pali dambo la makande. Zaka zonse galimoto imeneyo inkadutsapo dzinja lililonse. Bambo adaima m'mphepete, nayang'ana, nalowa mwaliwiro kuti mphamvu ya kuthamanga itiolotse. Tidatsala pang'ono. Mawilo akutsogolo adakwera pamtunda wa tsidya linalo, pa nthaka yamiyala yolimba, koma akumbuyo adatitimira. Injini idabangula, matope adauluka mpaka padenga, ndipo galimoto idangokhala pansi ngati ng'ombe yotopa.

Ndidaona dzanja la bambo likupita lokha pa kandodo kaja, monga lidazolowera kwa zaka zonse, n'kubwerera.

Anthu a m'minda yapafupi adathamanga ndi makasu. Adakumba, adadula nthambi, adaika miyala, adakankha matope ali m'mawondo. “Tiyeni nayo! Kamodzi!” ankakuwa motero malume. Ine adanditsitsa kuti galimoto ipepuke, ndipo ndidaima kutsogolo pouma paja. Chimene ndidaona pamenepo sichidandichoke m'maso kufikira lero. Mawilo akumbuyo ankazungulira mpaka kutuluka utsi, pamene akutsogolo adali chilili, oyera, atagwira nthaka yabwino, osachita kanthu. Akadangokoka pang'ono, utali wa mkono umodzi, tikadatuluka. Mkulu wina amene sankadziwa nkhani yathu adafunsa kuti, “Kodi a Phiri, si ija imakoka konsekonse?” Bambo adangopitiriza kuponda mafuta. Sadandiyang'anenso, ndipo ndikudziwa tsopano kuti adachita dala kuti anthu asatembenukire kwa ine.

Malume adathamanga kukatenga ngolo, koma ng'ombe zidali kubusa, ndipo pamene ankazimanga m'goli dzuwa lidali litafika pamutu kuseri kwa mitambo. Mayi sadadikire. Adambereka Eliya nayamba kuyenda, ine pambali pawo. Ngolo idatipeza panjira. Tidakwera, bambo akuthamanga pambali osavala nsapato, chifukwa zidatsala m'matope. Titayamba kuona denga la chipatala, mayi adamasula nsalu, naika tsaya lawo pamphuno pa mwanayo. Adakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka adanena motsitsa mawu, ngati akuopa kumudzutsa, “Achimwene, imitsani ng'ombe. Mwanayu sakupuma.”

Sindinganene kuti tikadafika m'mawa Eliya akadachira. Malungo aakulu adatenga ana ambiri masiku amenewo, ngakhale ena amene adafika msanga. Zimenezo adziwa ndi Mulungu. Koma mwana wa zaka khumi ndi zitatu salingalira motero. Maliro atatha, achibale atabalalika, ndidakana kupita kusukulu. Belu lija linkamveka mpaka kwathu, ndipo likalira ndinkalowa m'nyumba n'kutseka makutu. Chakudya sindinkachifuna. Mayi adali m'chisoni chawo, sadathe kuona changa.

Patapita masabata awiri, masana ena, bambo adandiitanira kuchigafa kumene ankasoka fodya. Adandipatsa singano ndi chingwe, ndipo tidayamba kusoka, manja akumata ndi utomoni wa masamba.

“Amayi,” adatero, “mabawuti aja adamasula ndani?”

“Inu, bambo.”

“Nanga amene adanena mawu amodzi pamalo pofunika khumi ndani?”

Misozi yanga inkagwera pafodya.

“Ine ndidapuma pa ntchito osabwererako. Iwe ukadamva bwanji mwina? Udalakwa kusafunsa, zimenezo sindikubisira. Koma ndidayamba ndine kusanena. Mtolo uwu ngwa anthu awiri. Senza mbali yako, usandilande yanga.”

Mawa lake adandiperekeza okha mpaka pachipata cha sukulu. Udindo woimba belu ndidaubweza, ndipo aphunzitsi sadandifunse chifukwa. Shafuti ina idapezeka mvula itatha. Bambo adaimanga okha, osaitana munthu, ndipo galimotoyo idatumikira mudzi zaka zina zisanu ndi chimodzi. Koma pampando wawo sadalolenso mwana aliyense kuseweretsa chiwongolero.

Lero zinthu zidasintha. Padambo paja adaikapo mlatho waung'ono, mwana akadwala timaimba foni ndipo njinga yamoto imafika pakhomo madzi asadawire. Galimoto zakale zochokera kunja zachuluka, zina zokoka ndi mawilo onse anayi, ndipo ndimamva anyamata pa Nsaru akulangizana kuchotsa shafuti yakutsogolo kuti mafuta asamathe msanga. Sindine makaniko, sindingawaletse. Koma misewu yolowa m'midzi yathu ikadali yadothi, ndipo Febuluwale amabwera chaka chilichonse.

Tsono inu ana anga, mukachotsa chinthu pamalo pake n'cholinga chodzachibwezera, uzani onse a m'nyumba, ndi ana omwe, chimene chili, chifukwa chake mwachichotsa, ndi tsiku limene chidzafunikenso. Musaumire mawu. Ndipo mukapeza chinthu chasungidwa, kaya chachita dzimbiri chotani, musachinyamule musadafunse mwini wake.