Mayi Tasinthani

Kukoleji kwathu, aphunzitsi a kayendetsedwe ka ntchito zomanga sankakonda choko. Ankatigawa m'magulu, kutipatsa makatoni, timitengo ndi guluu, kuti timange nyumba patebulo belu lisanalire. Wina akhale folomani, wina wogula zipangizo. Wosewera ngati mwini nyumba ankabwera naye okha: azakhali awo, mayi wamfupi wa magalasi okhuthala, amene tinawatcha Mayi Tasinthani.

Ankalowa mwaulemu, chikwama kukhwapa, n'kudikira kuti khoma liime.

"Ana anga, mwagwira ntchito. Koma zenerali likuyang'ana kwa aneba. Tasinthani."

Tikasintha, khitchini yachepa. Tikakulitsa khitchini, akuti alota khomo lili kumbuyo. Amati mawu a akulu amakoma akagonera, koma a mayiwa sankafika n'komwe madzulo. Nanga munthu wa imvi wokutchula kuti mwana wanga ungamukanize bwanji? Tinkangoti "chabwino mayi" n'kugumula, belu n'kutipeza ndi mulu wa makatoni, guluu mpaka m'tsitsi. Ndisaname, ankandikwana.

Tsiku la mayeso folomani ndinali ine. Aphunzitsi ananeneratu kuti gulu lopanda denga libwereza chaka. Ine ndinali nditabwereza kale, ndipo bambo anali atandiuza kuti ndikalepheranso, sukulu yathera pomwepo.

Titangoyamba denga, ndinamva kukhosomola kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, chipinda ichi chipite uko."

Anzanga anali atagwira kale khoma kuti alizule. Ine ndinawaletsa.

"Ayi mayi. Pulani munaivomereza. Tikagumula, denga silitha."

"Ukundikaniza ine? Amako anakulera choncho?"

"Pepani mayi, koma ayi."

Anandiyang'anitsitsa, kenako anakakhala pampando. Denga linatha, lopendekeka ndithu, koma linatha.

Potuluka mayiwa anandikoka mkono pakhonde. Ndinkati akandikalipire. M'malo mwake anandiuza kuti moyo wawo wonse anali telala. Makasitomala ankasintha maganizo diresi itasokedwa kale, lero manja, mawa khosi, iwo n'kumangosomola ulusi akumwetulira, mpaka maso anafooka.

"Liwu lako lija loti ayi, mwana wanga, pakamwa panga silinatulukepo. Tanenanso ndimve."

Ndinanenanso, motsitsa, chisoni chitandigwira. Anagwedeza mutu, milomo yawo ikuyeserera mwakachetechete.