Peniamina ndi Kasikuluu Kodyeka Mutu

Peniamina anali munthu wa khosi lonenepa ngati ntchafu. Kumudzi kwawo, kum'mawa kwa mzinda wa Apia, onse ankangomuti Peni. Mkati mwa sabata ankanyamula matumba a simenti pa sitolo ina m'tauni, Loweruka n'kumasewera mpira wa ragibi. Malo ake anali kutsogolo, pomwe amuna amakolana mapewa n'kumakankhana ngati nkhunzi. Loweruka lina bwalo linali lonyowa, mulu wa amunawo unagumuka, ndipo onse anadzuka n'kumadzisasa matope, kupatula iye.

Anatha miyezi yambiri m'chipatala. Anabwerera kwawo pa chikuku, miyendo itafa, zala zitapindikira m'kati moti sankatha kutsina ngakhale mchere. Mphamvu inatsalira m'mapewa ndi m'mikono basi. Anakakhala kwa mlongo wake wamkulu, Eseta, yemwe ankasoka zovala pakhomo, ndipo mwamuna wake Toma ankayendetsa takisi.

Chimene chinkamupweteka Peni kuposa msana chinali chifundo cha anthu. Amayi a mumpingo ankabwera kudzamuimbira, n'kumamusisita mutu ngati khanda. Anzake a mpira akabwera kudzasewera naye makhadi ankamulekera dala, iye n'kumaona. Tsiku lina anawakankhira makhadiwo pansi ndi chigongono.

"Mukafuna kundinamiza muzikanamiza agogo anu," anatero. Anzakewo anayamba kubwera patalipatali.

Mng'ono wake Iakopo, amene ankagwira ntchito yodula nyama kunja kwa dziko, ku Brisbane, ndiye anamutumizira makina a magemu ogwiritsidwa kale ntchito. Peni anaphunzira kudina mabatani ndi mfundo za zala ndi m'mphepete mwa chikhatho. Ankasewera awiriwo pa intaneti Iakopo akaweruka, ndipo Iakopo analibe chisoni.

"Achimwene, mukusewera kapena mwagona?" ankafunsa akamugoletsa. "Ndikuyitanireni achemwali adzakuthandizeni?"

Peni ankatukwana, kuseka, n'kuyambiranso. Anatha nyengo yonse ya mvula akugonja, ndipo tsiku limene anapambana koyamba anadziwa kuti palibe anamupatsa.

Ndiye makinawo anayamba kudwala. Ankalira ngati ndege yonyamuka, kutentha ngati mwala wa pamoto, kenako n'kuzima okha pakati pa gemu. Iakopo anamuuza pa foni kuti mwina fani yam'kati yoziziritsa makina yatsekeka ndi fumbi, yofunika kutsegula n'kupukuta.

"Auzeni alamu akutsegulireni," anatero Iakopo.

"Nanga ine ndinafa?"

Peni anali ndi lamba wachikopa amene Eseta anamusokera, womangirira supuni kudzanja pakudya. Anachotsa supuni n'kulowetsamo sikuludiraiva. Ankapotokola ndi mkono wonse, pang'onopang'ono, makina atawatsamiritsa kumzati wa nyumba. Masikuluu akunja anatuluka m'mawa umodzi. M'kati anapezamo chitsulo chopyapyala chovindikira fani, chomangidwa ndi timasikuluu ting'onoting'ono ngati mpunga. Tinatuluka tonse, kutsala kamodzi ka pakona.

Kumeneko mphepo ya kunyanja imadya chilichonse chachitsulo, ndipo kasikuluu kameneka kanali katagwirana ndi dzimbiri. Peni anapotokola, sikuludiraiva inaterereka. Anapotokolanso, inatererekanso. Dzanja lake silinkatha kukanikiza mokwanira, choncho nsonga inkangopala pamwamba. Ataweramira kuti aone, kamtanda ka pamutu kaja kanali katatha, patatsala kadzenje kosalala konyezimira.

Toma anafika madzulo, n'kuima kumbuyo kwake akutafuna nthochi.

"Alamu, mwakadya mutu chonchi? Patseni kuno, ndikachotsa musanameze malovu."

"Manja anu akhale m'thumba, alamu."

"Ine matayala ndimasintha ndekha pamsewu."

"Ndaona. Lija linagubuduka lokha kutsogolo kwa tchalitchi munamanga ndinu."

Toma anaseka n'kumusiya.

M'masiku otsatira Peni anayesa zonse zimene Iakopo ankamuwerengera pa foni. Anayala kampira komangira tsitsi pamutu wa kasikuluu kuti nsonga igwire, kampirako kanang'ambika. Anadonthezapo guluu n'kudikira kuti aume pamodzi ndi sikuludiraiva; atapotokola, guluuyo anangothetheka ngati chikhungwa cha dzira. Makina anakhala pathebulo mimba ili pamtunda, ndipo aliyense wodutsa ankasuzumira n'kupukusa mutu. Ngakhale abusa atabwera kudzacheza anati pali zinthu zina zofunika kungozilandira. Peni anawayankha mwaulemu kuti walandira kale zambiri, ichi chokha ayi.

M'mawa wina Eseta atamaliza kumusambitsa ndi kumuveka, anamukankhira pakhonde. Peni anayang'ana pathebulo. Panalibe kanthu. Kuseri kwa nyumba kunamveka takisi ikulira.

Sanafunse munthu. Anakankha matayala a chikuku ndi zikhatho, kutsika pa thabwa lotsetsereka, kudutsa pa timiyala ta pabwalo pomwe masiku onse ankachita kukankhidwa. Njira yotulukira pakhomopo inali yopapatiza, mbali iyi mtengo wa kokonati, mbali iyo manda a bambo awo. Anaimika chikuku pakati penipeni n'kumanga mabuleki.

Takisi inatulukira n'kuima. Toma anatulutsa mutu pawindo.

"Alamu, mukufuna kufa kawiri?"

"Tsitsani katundu wanga."

"Ndikungokawasiya makinawa kwa mnyamata wa m'tauni uja wokonza mafoni. Madzulo ndibwera nawo akulira bwinobwino."

"Ndinakutumani?"

"Ndili ndi anthu akundidikira ku eyapoti."

"Ndiye ndipondeni. Miyendoyi siimva kanthu, musaope."

Eseta anatuluka m'nyumba thaulo lili paphewa. Anali mkazi wosakonda kukweza mawu, koma tsiku limenelo oyandikana nawo anamva.

"Peni, ndamutuma ndine. Ndatopa kukuona ukuyang'anitsitsa kachitsulo ngati wopenga, osadya, osayankhula. Ndimakusambitsa ine. Ndimakutembenuza pabedi ine. Ndimakutayira zonse zomwe munthu sangatchule pagulu. Zonsezo umalola, lero ukanire kasikuluu?"

Peni anayang'ana pansi. Kenako anadzutsa mutu.

"Achemwali, zimenezo sindilola. Ndimangosowa pothawira. Mukandisiya osandisambitsa ndinunkha, mukapanda kunditembenuza ndiwola. Koma ichi sindifa nacho. Chikanditengera chaka, chinditengere. Mundisiyire chimodzi chokha chomwe ndikalephera ndalephera ndekha."

Eseta anamuyang'ana nthawi yaitali. Anapita kutakisi, kutsegula chitseko chakumbuyo, kunyamula makina aja atakulungidwa m'nsalu, n'kuwaika pamiyendo pa mlongo wakeyo.

"Ukawaononga usandilirire," anatero.

"Tsopano ndidutse, bwana?" anafunsa Toma.

Kubwerera kunali kokwera, ndipo Peni sakanatha yekha. Anayesa kawiri, chikuku chikubwerera m'mbuyo. Eseta anaima atapinda manja mpaka Peni anati, "Apa pokha ndikankheni." Anamukankha mpaka pakhonde.

Madzulo ake Toma anaponya pathebulo kachidutswa ka sowo yodulira zitsulo, kotalika ngati chala.

"Sindikukuthandizani," anatero. "Ndangotaya zinyalala."

Nzeru yake inali yocheka mzere watsopano pamutu wa kasikuluu, kuti sikuludiraiva yaphwatalala ipeze pogwira. Iakopo anachenjeza kuti tizitsulo tochekeka tikagwera m'kati, makina apsa. Peni anapempha zigamba za nsalu kwa Eseta, n'kuzikankhira ndi mfundo za zala kuzungulira kasikuluu mpaka panatsala mutu wokha. Anamangirira kasowo ku lamba wake n'kuyamba.

Inali ntchito yosaoneka. Mutu wa kasikuluu unali waung'ono moti mano awiri okha a sowo ndiwo ankakhudza. Akakoka, kasowo kankalumpha n'kukanda chitsulo cha pambali. Mkono ukatopa unkayamba kunjenjemera wokha, ndiye ankadikira uleke. Ankagwira m'mawa kukadali kozizira, dzuwa likakwera n'kupuma, chifukwa thupi lake silinkatulutsanso thukuta bwino ndipo kutentha kunkamuzunguza mutu. Tsiku lina Eseta anaona magazi pansalu. Kasowo kanali katamucheka padzanja, iye osamva. Anamumanga bala akung'ung'udza, n'kumubwezera lamba wake yekha.

Mzere unayamba kuoneka ngati tsitsi, kenako unazama moti chikhadabo cha Eseta chinkakodwamo. Peni anapempha dontho la mafuta a makina osokera, n'kulisiya lilowerere mpaka tsiku lotsatira, lomwe linali Loweruka.

Atalowetsa sikuludiraiva yaphwatalala mumzeremo, anaona kuti vuto lakale likadalipo. Dzanja silikanakanikiza, ndipo ikangoterereka kamodzi, mzere wonse utha. Anakhala akuganiza. Kenako anaitana mlongo wake.

"Achemwali, mundigwirire bokosili lisasunthe. Kugwira kokha."

"Ndaloledwa?"

"Kugwira si kukonza."

Eseta anakhala pampando moyang'anana naye, n'kupana makinawo pathebulo ndi manja onse awiri. Peni anaimika sikuludiraiva mumzere, anaweramira kutsogolo mpaka chigwiriro chinatsamira pachifuwa pake, n'kusiya kulemera konse kwa thupi kutsikire pamenepo. Anapana chigwirirocho pakati pa zikhatho ziwiri, n'kuyamba kupotoza mapewa. Nkhope inafiira, mitsempha ya m'khosi inatuluka. Thebulo linalira. Eseta analuma mlomo.

Panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola kamtengo ka machesi.

"Wathyola," anatero Eseta.

Peni anadzuka pang'onopang'ono, akupuma movutika. Mzere uja, umene poyamba unaloza kumzati, tsopano unaloza kukhomo. Anaweramiranso. Ulendo uno kasikuluu kanazungulira mosavuta, kanakwera, kanapendama, n'kugwera pansalu. Kanali kofiira ndi dzimbiri, kakang'ono moti Eseta anachita kukatola ndi nsonga za zala.

"Kanthu kake n'kameneka?" anatero, akukatembenuza. Anayamba kuseka, ndipo misozi inatsika osaipukuta.

Pansi pa chitsulo chija fani inali itakutidwa ndi fumbi lolimba ngati bulangeti, ndipo pakona panali mazira awiri a nalimata, oyera, atamatirira. Peni anapukuta zonse ndi mswachi wakale womangirira ku lamba. Pobwezera, kasikuluu kodyeka kaja sanakabwezere. Ena otsalawo anagwira chitsulo mokwanira. Kutseka kunamutengera masana onse, ndipo chivindikiro chinatsala ndi mpata pang'ono mbali imodzi. Atayatsa, makina anayaka, akupuma mofatsa moti Toma anachita kuika khutu kuti akhulupirire.

"Mwina mwachotsa injini," anatero Toma.

Sabata yotsatira kunabwera namwino wa boma amene ankayendera odwala m'midzi. Pomuvula malaya kuti aone khungu, anapeza chifuwa chili ndi mkwingwirima wakuda wozungulira, ndi bala lomanga padzanja. Anayang'ana Eseta mokayikira, kenako Peni.

"Bambo, ndani wakuchitani izi? Nenani, musaope."

"Palibe," anatero Peni. "Ndinali pa ntchito."

Namwino anatembenukira kwa Eseta kuti amve zoona zake.

"Wanena kale," anatero Eseta, akupinda malaya. "Anali pa ntchito. Inu pakani mankhwala."