A Laji a amalume ndi kalongonda wa amayi

Sabata ino amayi andiuza katatu kuti ndikagwade ndi kupepesa kwa amalume. Katatu konse ndayankha kuti mawondo akundiwawa. Mlandu wanga ndi woti ndinadyetsa munthu wamkulu chakudya cha kwawo. Tamvani mmene zinayendera, muweruze nokha.

Amalume a Fulaisoni ndi mlongo wawo wa amayi. Akhala ku Mangalande zaka zambiri, kumene amagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Anafika kuno kwa Chinakanaka sabata yatha atavala chijekete choti ngakhale pamwamba pa phiri ungatuluke nacho thukuta. Amayi anali atadzuka m'mamawa kuwaphikira kalongonda.

Inu amene simuli a kuno, kalongonda si nyemba zotereka uku ukupita kosamba. Amawira tsiku lonse. Utaye madzi, usende makoko, uthire madzi ena, utayenso. Ukachita ulesi, wodyayo mutu umazungulira, ena amayamba kubwebweta. N'chifukwa chake kalongonda sadya kwa munthu wamba. Ukalandira mbale, ndiye kuti wamuuza wophikayo kuti ukumukhulupirira ndi moyo wako womwe.

Amayi anagwada n'kuika mbale patsogolo pa mlongo wawo. Amalume anaiyang'ana ngati muli nalimata.

"Pepani achemwali, sindingadye. Ndili ndi alaji."

Amayi anasuzumira kugalimoto. "Muli ndi a Laji? Nanga bwanji osawauza alowe? Chakudya chilipo chokwanira."

"Ayi, si munthu. Dokotala anandiletsa nyemba za mtundu uliwonse."

Ine ndinaseka mpaka kutsamwa. Kusukulu tinaphunzira kuti alaji ndi pamene thupi limadana ndi chakudya china, n'kutupa kapena kutuluka zidzolo. Koma pakhondepo panalinso amake a Joyisi, aneba athu, amene anabwera kudzabwereka sefa ndipo mpaka lero sanaitenge. Iwo sanaseke. Anangoti, "Ehe," n'kunyamuka.

M'mawa mwake kumjigo nkhani inali itapsa. Akuti a Fulaisoni asanafike kwawo anadzera kwa sing'anga wina, dzina lake a Laji, ndipo sing'angayo anawachenjeza kuti asadye chilichonse cha m'manja mwa mlongo wawo. Pofika masana a Laji anali atapeza ndevu, mudzi wawo kutsidya kwa malire, ndi njinga yamoto yofiira.

Mukuseka? Nanenso ndinaseka. Ndinaleka nditaona amayi akubwerera kumsika. Amayi amagulitsa kalongonda wophika, ndipo beseni lawo silifika masana. Tsiku limenelo linabwerera lodzaza. Analiika pansi, n'kukhala pamkeka osavula n'chilundu chomwe. Ndani angagule kalongonda wa mayi amene mlongo wake weniweni akumuopa?

Amalume izi samazidziwa, kapena samafuna kuzidziwa. Amagona kuloji ku Likhubula, n'kumabwera masana ndi botolo lawo la madzi ndi mabisiketi. Amakhala pakhonde n'kumationetsa zithunzi pafoni. Apa ali mulesitilanti, mafoloko atatu mbali imodzi ngati akukachita opaleshoni. Apa woperekera zakudya akuwathirira madzi. Akuti kumeneko usanadye amayamba akufunsa ngati uli ndi alaji, ndipo munthu wopanda alaji amaoneka ngati wangotsika basi.

Kenako anationetsa kambale ka phala loyera, kothira mafuta pamwamba.

"Ichi ndiye chakudya changa cha pamtima. Amati humasi. Inu kuno simungachidziwe."

Ndinabwereka foni ya mnzanga n'kufufuza. Abale anga, humasi ndi chipere. Chipere cha tchana, yemweyu alimi amadzala mvula ikamatha. Munthu woletsedwa nyemba za mtundu uliwonse, chakudya chake cha pamtima n'kukhala tchana wosinja? Apo ndinadziwa kuti a Laji ndi wabodza.

Ndisanapitirire, anzanga a Fomu 3 mumve bwino. Alaji yeniyeni iliko ndipo imapha. Munthu akakuuzani kuti ali nayo, musamuyese. Ine ndinali ndi umboni m'manja, komanso amalumewa anakulira kalongonda mpaka kumera ndevu.

Lachinayi ndinatapa kalongonda m'beseni la amayi. Ndinamusinja mu kamtondo mpaka kusalala, n'kufinyiramo ndimu, adyo pang'ono, mafuta pamwamba. Ndinaika m'kambale kagalasi kamene timasungira alendo, buledi wodula timakona pambali. Kenako ndinapita kwa amake a Joyisi kukawauza kuti sefa ija yapezeka, abwere adzatenge.

Atakhala pansi onse, ndinatulutsa kambale.

"Amalume, kuli mzungu wina anatsika m'phiri dzulo, wasiyira mnzanga humasi. Ife sitikudziwa kadyedwe kake."

Anavala magalasi. "Koma wakuda chonchi?"

"Akuti ndi wa mtundu wina."

"Eya, aliko. Ameneyu ndiye wapamwamba. Amapezeka m'malesitilanti akuluakulu okha."

Ananyema buledi, n'kupisa. Anatseka maso. Anapisanso. Anatiphunzitsa kuti chakudya chotere sumeza msanga, umayamba wachimvetsera. Amake a Joyisi amangowerenga nthongo ndi maso. Kambale katayera, amalume anapukuta ndi chala.

"Mwaona achemwali? Anzathu amadziwa kuphika."

Ndinadikira ameze bwinobwino.

"Amalume, mutu ukuzungulira?"

"Ayi. Chifukwa?"

"Kutupa kulikonse? Kuyabwa?"

"Iwe Tiyamike, ukufuna kunena chiyani?"

"Palibe. Kungoti amake a Joyisi aone okha kuti mwadya kalongonda wa amayi mbale yonse, ndipo mukadali moyo."

Amalume anaimirira, n'kunditchula mayina angapo m'Chingerezi, limodzi m'Chilomwe chimene amati anaiwala. Analowa m'galimoto n'kupita. Amayi anandikoka khutu mpaka kuseri kwa khitchini. Amake a Joyisi ananyamuka liwiro, sefa osatenganso.

Amalume anabwerera Loweruka, opanda botolo la madzi. Ine ndimakwecha miphika kuseri, chimene ndi chilango changa mpaka Yesu adzabwere, ndiye ndinamva zonse. Anauza amayi kuti ulendo wapitawo anabwerera ku Mangalande akutsegula m'mimba. Kumeneko sungangodzuka n'kupita kuchipatala ngati kuno. Umaimba foni m'mawa, umve kanyimbo, akuuze kuti malo atha uyesenso mawa. Ntchito ya nkhalamba salola munthu wotsegula m'mimba, ndiye anakhala masiku angapo m'kachipinda kawo okhaokha, opanda wowaphikira ngakhale phala, uku akuopa kuti abwana apeza wina. Ndipo mapepala awo okhalira m'dzikomo amangiriridwa pa ntchito yomweyo. Za malesitilanti zija, akuti amapitako mwa apo ndi apo, mnzawo akamakumbukira tsiku lobadwa. Masiku ena onse ndi buledi ndi tiyi, choimirira.

"Nanga osangonena choncho bwanji, achimwene?" anafunsa amayi.

"Ndikanayamba bwanji? Aliyense kuno amadziwa kuti ndili pabwino."

Ndikuvomera, pamenepo ndinasiya kaye kukwecha. Koma musafulumire kunena kuti ndalapa.

Amalume anali ndi mantha enieni, ndipo Chichewa chili ndi mawu ake: ndikuopa kutsegula m'mimba. Mawu atatu. Amayi akanawiritsa madzi, akanawapatsa chakudya chotentha chochokera pamoto, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mawu amenewo ndi onunkha, sagwirizana ndi jekete. Anasankha liwu lonunkhira la kunja, n'kuliponya m'mudzi osaona kuti ligwera ndani. Linagwera mlongo wawo. Iwo sabata yamawa akwera ndege. Amayi atsala konkuno ndi beseni lawo, ndi anthu omwewa.

Nafenso otsala tisadziyeretse. Wachibale akaimba foni kuchokera kunja, timamufunsa chiyani? Ndani anafunsapo kuti kodi ukadwala amakuperekeza ndani? Timafuna zithunzi za mafoloko kuti tikaonetse kumjigo. Munthu akati kunja n'kowawa, timati akutimana, sakufuna kuti nafenso tipite. Ndiye amaphunzira kutipatsa zimene tikufuna. Ife timawanamiza kuti tikuwasirira basi, iwo amatinamiza kuti palibe chowawa, pakati pake pamabadwa a Laji ndi njinga yawo yofiira.

Akuluakulu akuti mwana sachititsa manyazi malume wake pagulu. Chabwino. Koma amayi anachititsidwa manyazi pagulu, ndipo akuluakulu omwewo anali kuti? Amadikira kuti amalume achoke kaye, kenako aitane bwalo. Wamisala anaona nkhondo. Ine ndinaona beseni.

Lolemba m'mawa, tsiku la msika, amalume ananyamula beseni lija okha kuchokera kunyumba mpaka pamalo pamene amayi amakhala. Anakhala pa njerwa, jekete lili pamwendo, n'kudya kalongonda ndi manja anthu akuona. Mayi wina atawafunsa za a Laji, anangoti, "Anamwalira." Beseni linatha dzuwa lisanafike pamutu.

Ine amalume sakundilankhulabe. Amayi akuti mlongo wawo asananyamuke ndiyenera kupepesa basi, ndipo ndawauza kuti ndine wokonzeka kupepesa chifukwa cha adyo, amene ndinachulutsa.

Tsono inu amene muli kunjako, mukuwerenga izi pafoni uku mukudikira basi pachisanu, tsiku lobwera kwanu lidzafika. Mchemwali wanu adzagwada ndi mbale imene waitereka kuyambira m'mamawa. Mudzamuuza chimene mukuopa m'chinenero chimene iye amamva, kapena nanunso mudzabwera ndi a Laji anu?