Magwedwe a Tereza

Ndikakumbukira aNangozo, ndimamva fungo la utsi wa zitsononkho ndi kachewere wowotcha, ndiponso kukwekwesa kwa kampando kamene mwana wawo Tereza ankakankha pabwalo kuti kamuchirikize poyenda. Tinali oyandikana nyumba ku Champiti. Tereza anali msinkhu wanga, koma miyendo inkamupingana, dovu linkatsika pachibwano, ndipo mawu ake ankawamva ndi amake okha.

Chaka china kunabwera anthu akafukufuku pa galimoto yoyera. Anati akufuna ana odwala matenda akugwa, ndipo olembedwa adzapita nawo kwa madokotala akuluakulu ku Blantyre. ANangozo anachapa diresi la Tereza, namubereka, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, mapazi ake akuwagunda m'maondo. Ine ndi amayi tinawaperekeza.

"Mayi, mwanayu amagwa?" anafunsa mlembi.

"Tsiku lililonse, bambo. Taonani zipserazi."

Anamulemba. Pobwerera aNangozo anaimba nyimbo za kutchalitchi njira yonse.

Patapita masabata awiri galimoto ija inabweranso ndi dokotala. Anafunsa ngati Tereza amakomoka kapena kuchita thovu kukamwa. ANangozo anati ayi, amangopunthwa n'kugwa.

"Ndiye si khunyu ayi. Sitimutenga," anatero dokotalayo.

"Nanga ndi chiyani?"

"Ndi vuto la mu ubongo, koma ife thandizo anatipatsa ndi la khunyu basi. Zinazi palibe akuzifufuza kuno."

ANangozo anamanga chitenje chawo mwamphamvu. "Ndiye kuti mwana wanga akugwa molakwika? Ndiuzeni magwedwe amene mukufuna, ndikamuphunzitse."

Mlembi anatenga rula, nadula dzina la Tereza ndi mzere wowongoka bwinobwino. Rula imeneyo imandikwiyitsa mpaka lero. Nthawi yowongola mzere anali nayo, koma yomugwira mwanayo mwendo analibe.

Ana akhunyu aja sindiwachitira nsanje, nawonso ankaona zakuda. Mkwiyo wanga uli pa anthu okhala m'maofesi akutali, amene amasankha matenda ngati akusankha tomato pamsika, awa ndi ofunika, awa atsale.

ANangozo anamubereka Tereza zaka zina zambiri mpaka msana unawakana. Anamwalira osadziwa ngakhale dzina la chimene chinagwira mwana wawo. Ine ndinadzalipeza nditakula, mwangozi, m'buku la Chingerezi, ndipo ndilibe woti ndikamuuze.