Hedi ya lole ya a Fikirini

A Dyton Mulima sankadziwa kulemba ngakhale dzina lawo. Makolo awo anayenda wapansi kuchokera kudziko la Apwitikizi n'kudzakhala kwa Kuntaja, ndipo iwo atakula analembedwa ntchito yosesa m'shedi ya ndege ku Chileka. Amakaniko akamasula injini, tsache la a Dyton linkachedwa pomwepo, ndipo ankafunsa mafunso mpaka kukalipiridwa. Chaka chimene Chitaganya chinayamba anasiya ntchitoyo, n'kukamanga chisakasa ku Lirangwe, m'mbali mwa msewu wa ku Matope.

Poyamba ankangomata machubu a njinga. Mu 1957 kunabwera a Fikirini, mwini lole yakale yonyamula thonje, ya masilinda sikisi ondondozana. Loleyo inali itatentha pachitunda mpaka hedi, chitsulo chovundikira injini pamwamba, inapindika. Ku galaja ya m'tauni anawauza kuti ina ichokera ku Halale pakatha miyezi itatu. Thonje silikanadikira.

A Dyton anayendetsa chikhatho pahedipo nthawi yaitali, kenako anati aisiye.

Anapeza galasi lochindikala la windo la sitolo, n'kuligoneka pathabwa. Akazi awo, a Salome, anasefa mchenga wa mumtsinje pansalu kanayi mpaka unasalala ngati fulawa. Anausakaniza ndi oyilo, n'kuyamba kukwecha hediyo pagalasipo. Inali yolemera, moti ankakankhizana awiri, mwamuna uku, mkazi uko, masiku khumi ndi limodzi. M'mawa uliwonse a Dyton ankapaka mwaye pagalasi, kugonekapo hedi, n'kuyang'ana pamene sipanade. Pamenepo ndiye panali pakadali polowa.

A Fikirini atabwera anapeza hedi ikuwala, koma a Dyton ali jijirijijiri kupala ndi tupa m'mabowo olowera mpweya.

"Achimwene, ndinati muiwongole, osati muibowole," anatero a Fikirini.

"Injini yanuyi imapuma ngati munthu wa mphumu," anatero a Dyton osadzutsa mutu. "Ndikuitsegula kukhosi."

Anawafotokozeranso kuti hedi ikapalidwa pang'ono, petulo amapanikizika kwambiri m'kati, ndipo akaphulika amakankha mwamphamvu. Anati anazimva kwa amakaniko a ndege, koma anali asanayesepo. A Fikirini anangokhala pansi.

Atabwezera hediyo pa injini, anailiza loleyo tsiku la msika. Atangopukusa kamodzi hendulo yolizira injini, inadzuka n'kumang'ung'udza mosalala, moti ndowa ya madzi imene anaika pa boneti sinagwedezeke. Anapakira thonje, pamwamba pake n'kukwera anthu makumi awiri. Pachitunda chopita ku Lunzu, pamene kale anthu ankatsika n'kumaika miyala kumbuyo kwa matayala, a Fikirini anagwira giya kuti asinthe, koma anapeza kuti palibe chifukwa. Lole inakwera ngati ili pachidikha. Amayi ena amene anali atakonzeka kale kutsika anayamba nyimbo ya kutchalitchi. A Dyton anakhala kutsogolo, maso ali chitsinzinire, akumvetsera. Atafika pamwamba anapempha sipanala, n'kunena kuti vavu imodzi ya m'injinimo ikulankhula kwambiri.

Kuyambira pamenepo malole ankachokera ku Mwanza ndi ku Ntcheu kudzaima pachisakasa chija. Patapita zaka zitatu a Dyton anapita ku boma kukatenga chiphaso cha galaja, ndipo kalaliki anawauza kuti adinde chala. Anadinda katatu. Papepala pankangotsala banga lakuda lopanda mizere, chifukwa mchenga wokwechera mahedi unali utadya khungu la zala zonse. Kalalikiyo anazitembenuza zalazo, anaziyang'anitsitsa, kenako anaimirira n'kuwapatsa mpando wake.