Masiku Awiri a Agogo

Agogo okonza makompyuta, oyandikana ndi amake mapasa, sapupuluma. Amayamba apukuta magalasi awo, kenaka n'kutchera khutu pamakina ngati adokotala.

Tsiku lina amake mapasa anabweretsa laputopu ya malemu amuna awo. Alamu awo anali atayesa kuikamo sisitemu yatsopano, ndiye ikayatsidwa inkangoonetsa mdima.

"Mundipatse masiku awiri, mwananga, ndiyambe ndapulumutsa zithunzi."

"Masiku awiri, agogo? Mukufuna muifungatire ngati mazira?"

Amake mapasa anapita nayo kumsika. Kumeneko okonza ena anaifufuta yonse, ndipo inayaka pa ola limodzi, koma yopanda chithunzi ndi chimodzi chomwe.

Atabwerera akulira, agogo sanawadzudzule. Anafufuza sabata yathunthu, napeza chimodzi chokha, malemuwo atayang'ana kumbali. Mapasa adzawadziwira pamenepo bambo awo.